Mzere wa Umphawi: Anadzaza Dengu Ndani?

Patapita zaka zocepa cibwerere kucokera ku Malawi kumene tinathawira nkhondo, m'mudzi mwathu ku Angónia munafika anyamata awiri ocokera ku Tete. Ananyamula zikwama zodzaza mapepala, ndipo anauza amfumu kuti atumidwa kudzafunsa mabanja za kadyedwe ndi kagulidwe kawo. Cinyanja ankacimva mwa apo ndi apo, conco amfumu anaitana ine, pakuti ndinali mphunzitsi, kuti ndiwathandize kumasulira. Unali mwezi wa Febuluwale, cimanga cisanakhwime.

Nyumba imodzi mwa zimene zinasankhidwa inali ya azakhali anga, mayi wamasiye amene ankalera adzukulu atatu. Atafunsidwa zimene anadya dzulo ndi dzana, anakonza citenje cawo, nayankha mosadodoma kuti anadya nsima masana ndi madzulo, ndiwo zake nyemba zothira mafuta, ndipo m'mawa ana anamwa tiyi. Ine ndinkadziwa kuti m'nyumbamo moto unkayaka kamodzi patsiku, ndiponso kuti ndiwo zinali nkhwani wopanda mcere. Ndinawayang'ana, iwonso anandiyang'ana, ndipo ndinamasulira m'Cipwitikizi monga momwe ananenera. Mnyamata uja analemba. Alendo atacoka, azakhali anati: "Mwananga, wacita bwino. Umphawi suyanikidwa pamphasa alendo akuona."

Mapepalawo anapita kwa eni ake, ndipo mayankho a azakhali anasakanikirana ndi a mabanja ena ambirimbiri. Patapita nthawi tinamva pa wailesi kuti anthu akutiakuti mwa 100 alionse m'dziko muno ali pansi pa mzere wa umphawi, umene pa Cipwitikizi amati linha de pobreza. Kuyambira pamenepo funso limodzi silinandicoke mumtima: mzere umenewu anaulemba ndani, ndipo azakhali anga anawaika mbali iti? Zimene ndalemba pano ndi zimene ndapeza poulondola mzerewo kubwerera kumene unacokera.

Tiyambe tamvana tanthauzo lake. Akatswiri amatenga dengu la m'maganizo n'kuikamo zinthu zimene akuona kuti munthu sangakhale moyo popanda izo: ufa, ndiwo, covala, pogona, nkhuni. Akatero amafunsa mtengo wa zonsezo pamsika. Mtengo umenewo ndiwo mzere. Amene ndalama zake, kapena zimene amadya ndi kugwiritsa nchito, sizifika pamenepo, amawerengedwa kuti ndi wosauka. Ndiye nkhani yonse yagona pa dengu: walidzaza ndani, waikamo ciyani, wasiya ciyani panja, ndipo akufuna kucita nalo ciyani.

Dengu la ku York

Ulendowu umatifikitsa ku London m'zaka za m'ma 1880. Mzindawo unali likulu la ufumu wolemera kwambiri padziko, koma kum'mawa kwake mabanja ankagona mothithikana m'zipinda zacinyezi. Olemera ambiri ankati anthu otere ndi ocepa, ndipo akusauka cifukwa ca mowa ndi ulesi. Mu 1886 Charles Booth, mwini zombo zamalonda wocokera ku Liverpool, anaganiza zowerenga m'malo momangotsutsana pakamwa. Anagwiritsa nchito ndalama zake, ndipo anadalira kwambiri anthu amene ankayenda khomo ndi khomo kulondola ana ojomba kusukulu, pakuti iwo ankadziwa za m'nyumba iliyonse. Anajambula mapu a mzindawo, msewu uliwonse ndi mtundu wake, wakuda kusonyeza kumene kunali usiwa woopsa. Banja lopeza masheleni 18 mpaka 21 pa mlungu analiyesa losauka. Atamaliza anapeza kuti pafupifupi anthu 31 mwa 100 alionse a mu London anali pa mzerewo kapena pansi pake.

Ena anati zimenezo ndi za London yekha. Amene anawayankha ndi Seebohm Rowntree, mwana wa mwini fakitale ya cokoleti mumzinda wa York. Mu 1899 anatuma anthu kuyendera mabanja 11,560 a ogwira nchito zamanja, onse pamodzi anthu 46,754. Iyeyu anadzaza dengu lake poyera, cinthu cimodzicimodzi, kuti aliyense aone. Anatenga mawerengero a akatswiri a zakudya, monga W. O. Atwater wa ku Amereka, osonyeza cakudya cimene thupi la mwamuna wogwira nchito, la mkazi ndi la mwana limafuna. Kenako anayang'ana zimene amphawi ankadyetsedwa m'nyumba zimene boma linkawasungiramo, nasankha zochipa zokhazokha: buledi, phala, chizi, masamba ndi kanyama ka nkhumba kouma. Nyama yatsopano sinalowemo ngakhale kamodzi pa mlungu. Kwa banja la bambo, mayi ndi ana atatu, cakudya cinakwana masheleni 12 ndi makobiri 9 pa mlungu, lendi masheleni 4, ndipo zovala, malasha, nyali ndi sopo masheleni 4 ndi makobiri 11. Popeza sheleni imodzi inali makobiri 12, zonse pamodzi zinakwana masheleni 21 ndi makobiri 8.

Rowntree anaumitsa dengu lakelo mwadala, ndipo sanabise. Anafotokoza yekha kuti banja lokhala pa mzerewo silingakwere galimoto yolipira, silingagule nyuzipepala, silingatumize kalata kwa mwana amene ali kutali, silingapereke copereka kuchalichi kapena kuthandiza mnansi ndi ndalama. Bambo asasute, asamwe, ndipo asajombe kunchito ngakhale tsiku limodzi. Anacita izi kuti pasapezeke munthu wonena kuti wakokomeza. Ngakhale ndi dengu louma cotero, pafupifupi anthu 10 mwa 100 alionse a mu York analibe ndalama zolifikira, ndipo ena 18 mwa 100 ankaoneka ndi maso kuti ali pa usiwa ngakhale ndalama zawo zinkapyola pang'ono. Cimene cinadabwitsa ambiri ndi ici: oposa theka la anthu a gulu loyamba lija anali m'mabanja amene bambo ankagwira nchito tsiku ndi tsiku, koma malipiro ndiwo anali ocepa. Anaonanso kuti wanchito wamba amagwa mu umphawi katatu pa moyo wake: ali mwana, akamalera ana ake aang'ono, ndiponso akakalamba.

Buku lake linatuluka mu 1901, ndipo andale monga David Lloyd George ndi Winston Churchill analilabadira. M'zaka zotsatira boma la Britain linalola kuti ana osauka azidyetsedwa kusukulu mu 1906, linayamba kupereka penshoni kwa nkhalamba za zaka 70 ndi lamulo la 1908, ndipo mu 1911 linakhazikitsa thumba lothandiza anchito akadwala kapena nchito ikawathera. Apa ndipo ndinaphunzira cinthu coyamba. Mzerewu unabadwa ngati cida cotsutsira bodza lakuti wosauka ndi waulesi. Kuuma kwa dengu kunali njira yotsekera pakamwa otsutsa. Mwini wake sanali kulangiza kuti munthu azikhala moyo wotero.

Ku India, ngakhale Booth asanayambe, Dadabhai Naoroji anali atagwiritsa kale nchito cida comweco polimbana ndi atsamunda. M'zaka za m'ma 1870 anatenga mtengo wa cakudya ndi zovala zimene boma la Angerezi linkapatsa akaidi m'ndende, nauyerekeza ndi zimene Mmwenye wamba ankapeza pacaka. Anasonyeza kuti munthu wa mfulu ankapeza zocepa kuposa zimene zinkasunga mkaidi.

Maziko asanduka denga

Kwathu kuno zinali zina. Caka comweco ca 1899 cimene Rowntree ankawerenga mabanja a ku York, boma la ku Lisboa linatulutsa lamulo la nchito lokonzedwa ndi gulu la António Enes, lonena kuti munthu wakuda aliyense wa m'maiko olamulidwa ndi Apwitikizi ali ndi udindo wogwira nchito, ndipo akapanda kuipeza yekha boma limupezera. Pamenepo ndi pamene panatsamira cibalo. Kunalinso msonkho wa nyumba, umene ku Niassa unkatoleredwa ndi Companhia do Niassa mpaka 1929, ndipo kuyambira 1938 anthu ambiri anakakamizidwa kulima thonje, minda ya cakudya ikumera chire. Atsamunda ankatiwerenga ndithu, ndipo mabuku awo anali osamalika, koma funso lawo linali lakuti m'mudzi muno mungacoke msonkho wocuruka bwanji ndi amuna angati. Mzere wa ndalama umene anali nawo unali wa nchito ina. Kuti munthu wakuda alandire ciphaso ca assimilado, ankayenera kulankhula bwino Cipwitikizi, kusiya miyambo ya makolo, ndi kusonyeza kuti amapeza ndalama zokwanira kusunga banja lake. Mzere umenewo unkalekanitsa nzika ndi osakhala nzika, ndipo unakhalapo mpaka 1961.

Cifukwa ca cibalo ndi msonkho, amuna ambiri a ku Angónia, Macanga ndi madera ena a Tete anawoloka malire kupita ku Nyasaland ndi ku Southern Rhodesia. Bambo anga anagwira nchito ku Salisbury, kumene lero ndi Harare, m'zaka za m'ma 1950. Ankatisimbira za phoso la ufa, nyemba ndi kanyama limene ankalandira, ndi za cipinda cimene ankagonamo amuna okhaokha. Malipiro awo ankawerengedwa ngati a munthu mmodzi wopanda mkazi ndi ana. Ife ndi amayi tinkadya za m'munda kuno kumudzi, ndipo mabwanawo ankadziwa zimenezo. Khasu la amayi ndilo linkalipira mbali ya dengu imene bwana sankalipira.

Kumeneko ndi kumene mzere wa Rowntree unakumana ndi anthu olankhula Cinyanja. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, Edward Batson wa pa yunivesite ya Cape Town anatenga njira ya ku York naigwiritsa nchito mumzindawo. Mzere wake anauchula kuti Poverty Datum Line, ndipo m'dengu munali cakudya, zovala, nkhuni ndi nyali, sopo, lendi ndi ndalama yoyendera kunchito. Mu 1945 anatulutsa mawerengero otero a Salisbury. Cakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 David Bettison wa ku Rhodes-Livingstone Institute anacita cimodzimodzi ku Blantyre, Lusaka ndi Salisbury, ndipo zinaoneka kuti malipiro a anchito wamba ambiri sankakwana kusunga banja m'tauni. Batson mwini wake anacenjeza kuti dengu lake silinali la moyo woyenera munthu, pakuti munalibe mankhwala, sukulu ya ana, ziwiya za m'nyumba kapena kandalama kosungira mawa. Anati kuti banja lidye mokwanira m'moyo weniweni, liyenera kupeza mzerewo ndi theka lake pamwamba.

Cenjezo limenelo ambiri sanalimve. Mu Januwale 1973 anchito a pa fakitale ina ya njerwa ku Durban ananyanyala nchito, ndipo m'miyezi itatu anchito oposa 60,000 anawatsatira. Mzere wa Batson unali pakamwa pa anthu onse. Mu Malici caka comweco nyuzipepala ya The Guardian ya ku Britain inaulula kuti makampani ambiri a Angerezi ku South Africa ankalipira anchito akuda ndalama zosafika pa mzerewo, mpaka nyumba ya malamulo ya ku London inafufuza nkhaniyo. Malipiro anakwera ndithu. Koma mabwana ambiri atangofika pa mzerewo anaima, n'kumadzitama kuti tsopano akulipira bwino. Mzere umene unalembedwa kuti ukhale maziko, malo amene munthu sayenera kutsikirapo, unasanduka denga limene wanchito sayenera kupyola. Ici ndi cinthu caciwiri cimene ndinaphunzira: ciwerengero cimodzimodzi cimamenyera wosauka kapena kumumanga, malinga ndi dzanja limene lacigwira.

Dola imodzi patsiku

Ku Amereka mzerewu unabwera ndi mayi wina, Mollie Orshansky, mwana wa anthu obwera kucokera ku Ukraine, amene anakulira mu umphawi ku New York. Pakati pa 1963 ndi 1965, akugwira nchito m'boma, anatenga mtengo wa cakudya cochipa kwambiri cimene unduna wa zaulimi unakonzera nthawi ya mavuto, nauculukitsa katatu, pakuti kafukufuku wa 1955 anasonyeza kuti banja limathera gawo limodzi mwa atatu la ndalama zake pa cakudya. Kwa banja la anthu anayi zinakwana pafupifupi madola 3,100 pacaka. Pulezidenti Lyndon Johnson anali atalengeza nkhondo yolimbana ndi umphawi mu 1964, ndipo boma linkafuna muyeso. Mu 1969 mzere wa mayiyo unakhala wa boma, ndipo mpaka lero amangoukweza motsata mitengo ya zinthu. Iyenso ankanena kuti mzerewo ukusonyeza ndalama zimene ndi zocepa kwambiri, ndipo sukunena kuti zopyola pamenepo ndi zokwanira.

Mzere umene ambiri tinaumva pa wailesi ndi wa Banki Yaikulu ya Dziko Lonse. Mu 1990 Martin Ravallion ndi anzake anasonkhanitsa mizere ya maiko osiyanasiyana, naona kuti ya maiko osaukitsitsa inkayandikira madola 370 pacaka, ndiye kuti pafupifupi dola imodzi patsiku. Mawu akuti dola imodzi patsiku ndi osavuta kukumbukira, ndipo mu 2000 atsogoleri a maiko anawatenga polonjeza kuti pofika 2015 adzakhala atacepetsa ndi theka gawo la anthu okhala pansi pake. Tisasokonezeke: dola imeneyi si imene amasintha anyamata a pa malire a Calómuè ndi Dedza. Ndi dola ya pa pepala, yowerengedwa motsata zimene ndalama ingagule m'dziko lililonse, pakuti dola imodzi imagula ufa woculuka ku Ulongwe kuposa ku New York.

Mu 2008 mzerewo unakwera kufika pa dola imodzi ndi masenti 25. Anaupeza potenga pakati pa mizere ya maiko 15 osaukitsitsa, ndipo mwa maikowo munali Moçambique, Malawi ndi Tanzania. Ndiye kuti muyeso umene dziko lonse linkayezera umphawi unalukidwa ndi madengu athu omwe. Mu 2015 unafika pa dola imodzi ndi masenti 90, mu 2022 pa madola 2 ndi masenti 15, ndipo mu 2025 pa madola 3. Nthawi iliyonse ukasuntha, ciwerengero ca osauka padziko cimasintha ndi mamiliyoni, pamene m'mphika wa anthuwo simunasinthe kanthu.

Dengu lathu

Ambiri a ife tinalidziwa dengu lowerengedwa ndi ena tisanamve dzina lake. Pa nthawi ya nkhondo anthu a m'dziko muno pafupifupi miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo tinkaima pamzere ndi makadi kulandira ufa, nyemba, mafuta, shuga ndi mcere zoyezedwa pa mutu uliwonse. Cakudya cimeneco cinatisunga, ndipo sindiiwala. Koma mu 1990, mtedza utasiya kufika m'misasa ya kummwera kwa Malawi, othawa nkhondo oposa 18,000 anadwala pelagra, matenda a khungu lothetheka, kutsegula m'mimba ndi kusokonezeka mutu, amene amagwira anthu odya cimanga cokhacokha. Pa pepala mimba zinali zokhuta. Kanthu kamodzi kocoka m'dengu kanagoneka anthu zikwi.

Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, boma linafuna kudziwa kukula kwa cilonda. Mu 1996 ndi 1997 Instituto Nacional de Estatística inayendera mabanja oposa 8,000 m'zigawo zonse. Njira yake inali mdzukulu wa ija ya ku York, koma yokonzedwa kuti iyenere dziko la alimi. M'malo mofunsa malipiro, amene mlimi alibe, ankafunsa zimene banja ladya ndi kugwiritsa nchito, ndipo cimanga kapena cinangwa ca m'munda mwako ankaciwerengera mtengo wa pamsika. Dengu la cakudya linali lopereka mphamvu ya makalori pafupifupi 2,150 pa munthu patsiku, kuwonjezapo kandalama ka zinthu zina. Popeza wa ku Lichinga sadya zofanana ndi wa ku Maputo, ndipo mitengo imasiyana, dziko linagawidwa m'madera 13, lililonse ndi mzere wake. Pakatikati pa mizere yonseyo panali mametikali akale oposa pang'ono 5,000 pa munthu patsiku, a nthawi ija tisanadule maziro atatu mu 2006. Zotsatira zinali zowawa: anthu 69 mwa 100 alionse anali pansi pa mzere, ku Niassa 71, ku Tete 82. Mawerengero amenewa ndiwo anakhala maziko a PARPA, ndondomeko ya boma yolimbana ndi umphawi ya 2001, imene inkayendera limodzi ndi kukhululukidwa kwa ngongole za dziko.

Kafukufuku waciwiri, wa 2002 ndi 2003, ndiye amene amandiphunzitsa zambiri. Boma linalengeza kuti osauka atsika kufika pa 54 mwa 100. Koma owerengawo anali atasintha za m'dengu. Anati mitengo ikasintha anthu amasinthanso zimene amadya, conco dengu liyenera kutsata zimene osauka akudya tsopano, bola mphamvu ya cakudya ikhale yofanana. Mu lipoti lomwelo anasonyezanso kuti akanasunga dengu lakale, ciwerengero cikanakhala 63 mwa 100. Akatswiri anatsutsana zaka zambiri. Ena anati njira yatsopanoyo ndi yolondola, ena anati munthu amene wasiya cimanga n'kuyamba cinangwa cifukwa ca kusowa sanalemere ayi. Mbali zonse ziwiri zinali ndi mfundo. Koma taonani: pakati pa 54 ndi 63 pali anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka, ndipo cimene cinawaika uku kapena uko ndi cisankho ca wodzaza dengu.

Kafukufuku wa 2008 ndi 2009 anapeza kuti umphawi sunatsike, ngakhale cuma ca dziko cinkakula caka ndi caka. Anthu a ku Maputo anali atanena kale zimenezo m'misewu mu Febuluwale 2008 mtengo wa chapa utakwera, ndipo anabwerezanso mu Seputembala 2010 cifukwa ca mtengo wa buledi. Mu 2014 ndi 2015 ciwerengero cinatsika kufika pa 46 mwa 100, ngakhale ku Niassa cinakwera kucoka pa munthu mmodzi mwa atatu kufika pa 6 mwa 10. Kenako kunabwera ngongole zobisika ndi kugwa kwa metikali mu 2016, nkhondo ya ku Cabo Delgado, namondwe Idai ndi Kenneth mu 2019, ndi mliri wa Covid. Kafukufuku wa 2019 ndi 2020 anapeza 68 mwa 100, pafupifupi pamene tinayambira. Ndipo mkangano wa ku Durban uja ukadalipo pakati pathu. Caka ciliconse boma, olemba anthu nchito ndi mabungwe a anchito akamakambirana za malipiro ocepetsetsa, mabungwewo amabwera ndi mtengo wa cesta básica, dengu la mwezi la banja la anthu asanu, kusonyeza kuti malipirowo salifikira.

Zimene mzere suona

Sindinalembe izi kuti tiunyoze mzerewu. Popanda iwo, wolamulira aliyense angathe kuima pa msonkhano n'kunena kuti njala yatha, ndipo sipangakhale comutsutsira. Ciwerengero ca 68 mwa 100 cinatuluka m'maofesi a boma lomwelo, ndipo ndi cinthu ca mtengo wapatali kuti dziko lizidziuza zoona zowawa cotero. Anyamata aja amene ndinawamasulira ankayenda pansi m'matope a Febuluwale, ndipo nchito yawo ndimailemekeza.

Koma mzere uli ndi khungu lake. Umagawa cakudya ca banja mofanana pa mitu yonse, pamene tonse tikudziwa amene amayamba kudya ndi amene amanyambita mphika. Suona mtunda wa kucipatala. Sudziwa kuti mayi amene sangapite kumaliro ndi kambale ka ufa amadziona wosauka kuposa amene wagona ndi njala. Zimenezi si zacilendo kwa akatswiri. Adam Smith analemba kale mu 1776 kuti zofunika pa moyo zimaphatikizapo zinthu zimene munthu amacita manyazi kuonekera pagulu alibe, ndipo ku Ulaya lero amayesa wosauka poyerekeza ndi anansi ake, amene ndalama zake sizifika magawo 60 mwa 100 a zimene munthu wapakati amapeza. Kwathunso tsopano amawerenga madzi, denga la nyumba, cimbudzi ndi sukulu pambali pa cakudya. Komabe manyazi alibe malo pa pepala, ndipo manyazi ndiwo anayankha m'malo mwa azakhali anga tsiku lija.

Azakhaliwo anatisiya kalekale. Adzukulu awo aja anakula, wina amagulitsa mbatatesi pamsika wa Ulongwe. Ndimaganizabe za nyemba zothira mafuta zimene ndinamasulira. Ngati mayankho awo anawakweza pamwamba pa mzere, ndiye kuti ine ndinathandiza kucotsa banja limodzi pa ciwerengero ca osauka ndi pakamwa pokha. Mwina m'mudzi wina munali wina amene anabisa mbuzi zake poganiza kuti alendowo abweretsa thandizo, ndipo mabodza athu awiriwo anafafanizana. Sindikanatha kuwacititsa manyazi azakhali pamaso pa alendo, ndipo ngakhale lero sindikanatero. Cimene ndikanacita ndi kuwafotokozera usiku wake kuti mapepalawo sapita kwa anansi, ndi kuti mayankho awo akuimira amayi ena ambiri amene sadzafunsidwa.

Conco abale anga, owerenga akadzafikanso m'mudzi mwanu, apatseni mpando ndipo muwauze zoona, ngakhale zoonazo zikhale nkhwani wopanda mcere. Ndipo mukadzamva pa wailesi kuti umphawi watsika kapena wakwera, musafulumire kuomba m'manja kapena kudandaula. Yambani mwafunsa zimene zili m'dengu caka cino, ngati ndi zomwe zinalimo caka cija, ndiponso ngati amene analidzaza angavomere kudya za m'menemo mlungu umodzi. Rowntree, Batson ndi Orshansky, aliyense pa nthawi yake, anayankha funso lomalizali poyera: dengu lawo linali losakwanira, ndipo anatiuza okha.